Pansi pa Penti ya Galimoto ya Victor

1

Ndakhala ndikuwongola magalimoto kwa zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo mawondo anga atopa kuposa ine. Dzina langa ndine Reno Spiteri. Garaja yanga ili ku Norlane, kuno ku Geelong, kuseri kwa malo ogulitsa matayala. Anthu amandibweretsera magalimoto akale a injini zikuluzikulu aja, amene tinkawathamangitsa tili anyamata ngati kuti imfa ndi ya anthu ena, ine n'kuwabwezeretsa mwakale.

Pa ntchito yathuyi choyamba n'kupala penti. Galimoto imabwera ikunyezimira, mwini wake akumwetulira, koma ukangoipala umapeza zimene amisiri anzathu anabisa. Ndapezamo nyuzipepala zofinyidwa, simenti, matabwa, ngakhale chiwaya chokazingira mazira chitawotchereredwa pansi pa mpando. Ndinatchuka ndi kunyoza anthu otere. "Uyu si mmisiri, ndi wopha ng'ombe," ndinkatero, makasitomala n'kumaseka.

Mkulu wanga Victor anamwalira mu Meyi chaka chatha. Chinamutenga ndi chiwindi. Patatha milungu isanu, mwana wake yekhayo, Marnie, anatulukira pagaraja atanyamula kalata ya loya. Marnie ali ndi zaka makumi anayi. Amagwira ntchito ku kampani ya inshulansi, kuyeza magalimoto ochita ngozi n'kunena mmene ngoziyo inachitikira.

"Ankolo, bambo andisiyira galimoto yawo ija," anatero.

"Charger?"

"Yomweyo. Koma alemba kuti ndisaigulitse isanakonzedwe, woikonza mukhale inu, ndipo poipala ine ndizikhalapo. Ali m'manda koma akufunabe kunditopetsa."

Ndinawerenga kalatayo kawiri, kenako ndinapukuta manja amene anali oyera kale.

"Ntchito yandichuluka mpaka Khirisimasi," ndinatero.

Marnie anamwazamwaza maso m'garajamo. Munali galimoto imodzi yokha, nayonso yotsala pang'ono kutha.

"Ndibwera nayo Loweruka," anatero.

2

Nkhani ya galimoto imeneyi aliyense m'banja mwathu amaidziwa. Loweruka lina masana, mu Okutobala 1987, Victor ataledzera anatenga mkazi wake Glenys kuti akayende, n'kukawomba mtengo pa msewu wa ku Colac. Iye anatuluka wopanda bala. Glenys anathyoka chiuno ndi mwendo, anagona m'chipatala milungu isanu ndi iwiri, ndipo mpaka lero amayenda ndi ndodo. Marnie anali ndi zaka zinayi, anali atasiyidwa kwa agogo ake tsiku limenelo.

Apolisi anamulanda Victor laisensi. Iye anali dalaivala wa malole, ndiye ntchito inatheranso pomwepo. Anakalowa yosesa kufakitale ya ubweya, munthu wamtali ngati mzati wa magetsi atawerama pa tsache. Ine ndine wamfupi, ndinkamulekeza m'khwapa, ndipo tili ana ankandiika pamwamba pa kabati akafuna kuti ndisamutsatire.

Kuyambira pamenepo Victor anayamba kumwa modetsa nkhawa. Sanamenyepo munthu, sankakweza mawu. Ankangokhala m'shedi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi galimoto yake yofundidwa lona, botolo lili pamwendo. Marnie anakula akuona mayi ake akukwera masitepe mokwawa, akudziwa amene anachititsa. Pofika zaka khumi ndi zisanu anasiya kulankhula ndi bambo ake kupatula moni.

Amene ankapita ku masewera ake a kusukulu ndinali ine. Amene anamuphunzitsa kuyendetsa galimoto ndi kugwira sipanala ndinali ine. Pa ukwati wake anandipempha kuti ndimuperekeze kuguwa, ndipo ndinavomera. Victor anakhala benchi yachitatu, atavala suti yobwereka, akuyang'ana nsapato zake.

3

Loweruka galimoto inafika itanyamulidwa pa lole. Valiant Charger ya 1972, ya zitseko ziwiri, penti yake ya mtundu wa lalanje itazilala koma ikadali yosalala. Dalaivala wa loleyo anaimba mluzu poitsitsa.

"Madala, iyi ndiye galimoto. Yasungidwa bwino bwanji."

Marnie anatulutsa maginito m'thumba la ovolosi, monga ndinamuphunzitsira kalekale. Anaiyendetsa pa boneti, inamata. Pa chitseko cha dalaivala, inamata. Atazungulira kumanzere, kumbali ya wokwera, anaiika pa chitseko n'kuisiya. Inagwa pansi. Anayesa kutsogolo kwa chitseko, inagwanso.

"Kuno kulibe chitsulo," anatero. "Ndi fila yekhayekha."

Fila ndi phala lija timamata pa chitsulo kuti pasalale tisanapente. Mmisiri weniweni amapaka mopyapyala ngati chikhadabo. Titayatsa makina opalira, fumbi loyera linadzaza garaja yonse, tikupalabe osafika pa chitsulo. Marnie anatenga chizulo ndi hamala, n'kugumula chibuluma chachikulu ngati buledi. Kuseri kwake kunali waya wa khola la nkhuku.

Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ankolo, taonani. Khola lonse lili muno, zatsala nkhuku zokha."

Loweruka lotsatira tinapeza zina. Mzati umene umagwira chitseko, womwe umateteza munthu galimoto ikagubuduka, unali utathyoka pakati, ndipo wina anangoulumikiza ndi kachitsulo ka bedi. Pansi, pomwe wokwera amaponda, panali pataduka, n'kuphimbidwa ndi chikwangwani cha pamsewu. Malemba ake ankaonekabe.

Tinakhala pa matayala n'kumadya mapasitizi, timabanzi ta kwathu ku Malta, amene anagula panjira, otentha, a nandolo.

"Ndaona zambiri pa ntchito yanga, koma uyu ndiye mfumu ya opha ng'ombe," anatero. "Ndani anachita zimenezi?"

"Bambo ako anaipereka kwa munthu wina wokonzera kuseri kwa nyumba."

"Ali ndi mng'ono wawo mmisiri?"

"Nthawi imeneyo sitinkalankhulana."

Anatafuna pang'onopang'ono akuyang'ana mbali yogumukayo.

"Mukudziwa chimene chikundinyansa? Anaphwanya mayi, kenako anathamangira kubisa galimoto kuti izioneka bwino pabwalo. Ndi mmene analili. Pamwamba chete, mkati mowola."

Ndinati mapasitizi achuluka mchere, n'kupita kukatunga madzi.

4

Lachitatu ndinatseka garaja masana n'kupita kwa Glenys. Ndinali ndisanalowe m'nyumba imeneyo ndili ndekha kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinamupeza kukhitchini akusenda mbatata atakhala pansi, ndodo yake itatsamira tebulo. Tsitsi lake lonse linali litayera.

"Mwafika pati?" anafunsa, osandipatsa n'komwe moni.

"Mbali ya kumanzere tamaliza. Loweruka tichotsa mipando ndi kapeti."

"Marnie waona chiyani?"

"Waona ntchito yoipa. Akuti bambo ake ankabisa manyazi awo."

Glenys anaika mpeni pansi.

"Victor anachita dala," anatero. "Kalata ija anailemba ali bwinobwino, miyezi iwiri asanagonekedwe m'chipatala. Ndinamufunsa kuti bwanji osangomuuza mwanayo pakamwa. Anati iye analonjeza kuti sadzanena, ndipo sanena. Koma galimoto sinalonjeze kanthu."

"Ndikhoza kuchotsa mipando ndekha mawa. Pofika Loweruka adzapeza zonse zili pa mulu wa zotaya."

"Ukhoza."

"Ukufuna nditero?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso ake anali omwe aja, koma otopa.

"Reno, ine ndatopa ndi kumva mwana wanga akutukwana bambo ake patebulo pano, ine n'kumangoti dikira tiyi azizire. Usandifunse. Chita zimene unazolowera."

Mawa lake ndinalowa m'galimotomo ndi sipanala m'manja. Ndinamasula bawuti imodzi ya mpando wa dalaivala. Ndinakhala pamenepo mpaka tiyi wanga anazizira, kenako ndinaibwezera n'kuimanga. Sindinganene kuti kunali kulimba mtima. Ndinalibe mphamvu zobisiranso china.

5

Loweruka kunkawaza mvula. Tinatulutsa mpando wa wokwera, kenako wa dalaivala, n'kuuika chafufumimba pa benchi. Marnie anakoka kapeti yonunkha chinyontho n'kugwada kuti aone pansi. Ndinamuona ataima kaye.

"Pali mabowo asanu ndi atatu," anatero. "Mpando umafuna anayi."

"Mwina ena ndi a dzimbiri."

"Dzimbiri silibowola mozungulira chonchi. Anayi akutsogolowa ndi a kufakitale. Anayi akumbuyowa wina anabowola ndi dililo, ndipo mpando unamangidwa pa amenewa."

Anadzuka n'kupita ku benchi. Pansi pa mpando pamakhala tinjanji tiwiri tomwe mpando umatsetserekapo, munthu akafuna kuusendeza kutsogolo kapena kumbuyo. Anagwira chogwirira n'kukoka. Sunasunthe. Anathira mafuta, anamenya ndi hamala, sunasunthebe. Anayatsa tochi n'kuyang'anitsitsa.

"Tinjanjiti tinapindika pa ngozi. Mpando unakanirira pomwe unali nthawi imene galimoto inawomba mtengo." Analankhula ndi mawu ake a kuntchito, osathamanga. "Ndiye wokonzayo, polephera kuusendeza, anabowola mabowo atsopano kumbuyo kuti bambo azikwanamo."

Mvula inkagogoda pa malata.

Ananyamula mpandowo yekha, n'kuubwezera m'galimoto, pa mabowo a kufakitale. Analowa n'kukhalapo. Marnie anatengera bambo ake msinkhu. Mawondo ake anagunda chiwongolero, chifuwa chake chinatsala pang'ono kukhudza hutala.

"Unali kutsogolo kwenikweni," anatero. "Bambo sakanalowa n'komwe muno. Kodi amene ankayendetsa ndi mayi?"

"Mayi ako anavulala mbali ya wokwera. Waona wekha."

"Ndiye ankayendetsa ndani?"

Anatuluka n'kugwira chitseko chotsegula.

"Ankolo, talowani."

Ndinalowa. Mapazi anga anafika pa mabuleki bwinobwino, manja anagwira chiwongolero zigongono zitapindika pang'ono, monga zimafunikira. Mpandowo unali ukundidikira pamalo pomwe ndinausiya.

6

Ndinamuuza zonse ndili m'galimoto momwemo.

Ine ndi Glenys tinali titakondana mobisa kwa chaka ndi theka. Victor ankakhala pamsewu masiku asanu pa mlungu, ine ndinkabwera kudzakonza mpope, kudzatchetcha kapinga, mpaka ndinasiya kufuna chifukwa chobwerera. Tinapangana zothawira ku Adelaide, kuti tikakhazikika tidzatenge mwana. Loweruka limenelo Victor anali ku kalabu ya anthu akwathu a ku Malta, akusewera makadi ndi anzake. Galimoto yanga inali itafa giya, ndiye ndinatenga yake. Tinaika masutikesi awiri kumbuyo.

Titadutsa Winchelsea, Glenys anayamba kulira, akuti tibwerere, sangamusiye mwana ngakhale mlungu umodzi. Ine ndinakwiya. Ndinaponda moto, ndikumukalipira, maso ali pa iye osati pa msewu. Pa kona galimoto inaterereka n'kukamenya mtengo chammbali.

Mlimi wina anatinyamula pa galimoto yake n'kutisiya pakhomo la chipatala ku Colac, iye n'kubwerera ku ng'ombe zake. Palibe anamufunsa dzina. Ndinaimba foni ku kalabu. Victor anabwereka galimoto ya mnzake, anaima pamalo a ngozi, anaona masutikesi, n'kuwasamutsira m'galimoto yobwerekayo. Anafika kuchipatala apolisi asanafike. Anandipeza pa benchi panja. Sanandimenye.

"Unali kuti masana ano?" anandifunsa.

"Victor, ine…"

"Wina akafunsa, unali kugaraja. Tenga makiyi awa, ukabweze galimoto ndabwerekayi kwa mwini wake. Mwana wanga sadzakula akulozedwa zala kutchalitchi kuti mayi ake anathawa ndi mng'ono wa bambo ake. Amayi athu sadzamva zimenezi. Nyamuka."

Wapolisi atafika, Victor anati amene ankayendetsa anali iyeyo. Anali atamwa mabotolo anayi pa makadi paja. Atamupima mpweya, zonse zinathera pomwepo.

Patatha masiku angapo Victor anandibweretsera galimoto yakeyo kugaraja, n'kunena kuti akuifuna pabwalo mkazi wake asanatuluke m'chipatala. Ndinali mmisiri wabwino kale nthawi imeneyo, ndikanatha kuikonza moyenera. Koma ndikagwira chitseko chija ndinkaona tsitsi la Glenys litakanirira pa galasi losweka. Ndinkafuna chabe kuti nditseke, ndisaonenso. Ndinatola chilichonse chimene chinali pafupi, ndinamata, ndinapenta. Victor atabwera anayendetsa dzanja pa chitseko, anagogoda ndi chala, anamva kuti mkati mulibe kanthu.

"Ndiikonzanso bwino," ndinatero.

"Isiye choncho," anatero. "Iwe ndi ine tizidziwa."

Nditamaliza kufotokoza, Marnie anali ataima chotsamira benchi, manja ali m'matumba. Sanalire.

"Bambo ankamwa ngoziyo isanachitike?"

"Loweruka lokha, pa makadi."

"Pa ukwati wanga," anatero, n'kuima kaye. "Nditakupemphani muja, munapita kukawafunsa?"

"Ndinapita. Anati ndi tsiku lako, ndichite zimene ukufuna."

"Ndipo inu munavala suti, munandigwira mkono, tinadutsa pafupi ndi benchi yawo."

"Eya."

"M'chipatala, mlungu womaliza, anandipempha kuti ndikhale nawo pang'ono. Ndinati ndili ndi msonkhano. Kunalibe msonkhano."

Anavula ovolosi, anaipinda bwinobwino, anaiika pa benchi, n'kutuluka mu mvula osatseka chitseko.

7

Kwa miyezi itatu sindinamve kalikonse kwa iye. Glenys anandiimbira kamodzi, n'kunena kuti Marnie anapita kwa iye tsiku lomwelo, anakhala kukhitchini ola limodzi, anafunsa mafunso ake, ndipo kuyambira pamenepo amangotumiza mwamuna wake kudzasiya zogula. Galimoto ndinaifunda lona. Ndinakana ntchito ziwiri. Ndinkatsegula garaja m'mawa, kusesa, kukhala.

Loweruka lina mu Novembala ndinamva galimoto ikuima panja. Marnie analowa atavala ovolosi yatsopano, atanyamula chakudya cha munthu mmodzi.

"Reno," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula dzina lokha. "Mzati uja, chitseko, ndi pansi ponse, mudule zonse. Sindikufuna chilichonse chimene munaikamo chitsale. Ndapeza zitsulo kwa munthu wina ku Ballarat."

"Chabwino."

"Sindinabwere kudzakukhululukirani."

"Ndikudziwa."

"Ndabwera chifukwa mwatsala ndinu nokha amene munawadziwa asanakhale mmene ndinawadziwira ine. Mayi akayamba kunena amangolira. Ndiye inu muzidula, muzindiuza. Ankaseka bwanji, ankakonda nyimbo zanji, anaigula bwanji galimotoyi. Za inu ndi mayi sindikufuna kumvanso."

Ndinayatsa makina odulira, kenako ndinazimitsa, chifukwa sakanandimva. Ndinamuuza za tsiku limene Victor anabwera ndi galimotoyi kunyumba koyamba, amayi athu n'kuiwaza madzi odalitsidwa mpaka pa injini, iye akuwathamangira kumbuyo ndi thaulo. Marnie anatsala pang'ono kuseka, koma anatembenukira kukhoma.

Mpaka pano amabwera Loweruka lililonse. Galimoto yatsala pang'ono kupentedwa. Akuti saigulitsa. Zimene zidzachitike pakati pa iye ndi ine ikadzatuluka pachipata changa, sindikudziwa, ndipo ndilibe ufulu wofunsa.

Inu amene mwawerenga mpaka apa, mwina mukuyembekeza kuti ndinena kuti kuulula kunandipeputsa mtima. Sikunatero. Ndine wotopa monga kale, kungoti tsopano ndili ndekha. Kwa zaka zonsezi ndinkadziuza kuti ndikukhala chete polemekeza zofuna za mkulu wanga, koma zoona zake n'zakuti chete ameneyo ankandikomera. Ndinadya chikondi cha mwana wake, ndinakhala pa mpando wake pa maphwando, iye akusesa fakitale. Ngati m'banja mwanu muli munthu amene akunyozedwa chifukwa cha mlandu wanu, musadikire kuti alembe kalata kwa loya. Pitani mukanene iye akadali moyo, kuti amene anamuda akhale ndi nthawi yopita kukagogoda pakhomo pake. Marnie amapita kumanda Lamlungu lililonse ndi maluwa. Akuti amalankhula ndi bambo ake nthawi yaitali, koma kumeneko palibe amamuyankha.